Kagalimoto ka nitro kamangozima ndikachotsa glow starter

Kagalimoto kakale ka rimoti koyendera mafuta apadera otchedwa nitro, kanakhala zaka m'katoni. Kamalira ndithu koma ndikangochotsa glow starter (kachipangizo ka batire kotenthetsa pulagi poliza injini) kamazima pompo. Ndinasintha glow plug (pulagi yoyatsa mafuta mu injini), ndinapotokola singano ya kabuleta yochepetsera kapena kuchulukitsira mafuta, palibe chinasintha.

Vuto linali mafuta akale. Nitro nthawi zambiri amakhala ndi oyilo wa nsatsi, akauma amamata ngati ulimbo, ndiye kabuleta inali itatsekeka. Ndinaimasula, kuiviika m'mafuta atsopano usiku wonse, kenako kuitsuka ndi mswachi mpaka timabowo tonse titatseguka, chonde osalowetsamo waya mukulitsa bowo. Kapaipi ka silikoni kochokera ku ekizosi kupita ku thanki, kamene kamakankha mafuta kaja, kanali kong'aluka, ndinaika katsopano. Singano ndinaibwezera pomwe buku lake likunena, kenako kutseka pang'onopang'ono. Pano kakutulutsa utsi bwinobwino ndipo sikakuzimanso.