Kusankha tinyumba ta pulasitiki ta njanji yoseweretsa

Mwafunsa mmene mungadziwire bokosi labwino la zidutswa zomangira tinyumbati musanalipire, poti kuno ku Zomba kubweza katundu woitanitsa kunja n'kovuta.

Konzani rula ya mamilimita, tochi ndi galasi lathyathyathya.

1. Onani sikelo pabokosi, kutanthauza kuchepa kwa kanyumbako poyerekeza ndi nyumba yeniyeni: sikelo yotchedwa HO ndi 1:87 (kuchepa ka 87), OO ndi 1:76. Pa HO, chitseko cha mamita 2 chizikhala mamilimita 23.
2. Werengani zidutswa potsata manambala apapepala la malangizo. 
3. Walitsani tochi chammbali pa khoma. Mizere ya njerwa ioneke bwino, popanda timaenje. Pulasitiki yopyapyala yotsalira m'mphepete imapalika ndi mpeni, koma ikachuluka ndiye kuti chikombole chomwe anaumbira zidutswazo chinali chotha.
4. Apa ndi pomwe ambiri amapusitsidwa, chifukwa ndi maso simungaone: gonekani khoma lililonse pagalasi. Likamagwedera ndiye lapindika, kawirikawiri chifukwa cha kutentha, monga bokosi likakhalitsa padzuwa m'galimoto. Lopindika pang'ono limawongoka mukaliviika m'madzi otentha osawira n'kulipanikiza ndi buku mpaka lizizire. Denga likakhala lopotoka, lisiyeni bokosilo.
5. Lumikizani makoma awiri pangodya musanathire guluu. Kuwala kwa tochi kukadutsa pampata, mudzavutika kumata.