Mmene Mungawerengere Pulani Yaikulu pa Sikirini Yaing'ono

Mapulani a nyumba ndi zojambula zosonyeza mmene mawaya amagetsi ayendera nthawi zambiri amazikonzera pepala la A1, lomwe ndi lalikulu mamilimita 594 mulifupi ndi 841 mulitali, pamene malaputopu ambiri otsika mtengo ali ndi sikirini ya mapikiselo (timadontho topanga chithunzi) 1366 ndi 768 okha. Mukachepetsa pulaniyo kuti ikwane yonse, zilembo zimasanduka timadontho. Mukaikulitsa, mumasokonezeka osadziwanso kuti mukuyang'ana chipinda chiti.

Yambani ndi kupempha fayilo yoyenera. PDF yotulutsidwa mwachindunji mu pulogalamu yojambulira monga AutoCAD imasunga mizere yake mwa masamu, motero mizereyo imaonekabe bwino ngakhale muikulitse kakhumi, pamene chithunzi cha JPEG chimayamba kuoneka mbuu. Pulani yojambulidwa ndi foni n'kutumizidwa pa WhatsApp ngati chithunzi ndiye yoipitsitsa, chifukwa imafinyidwa potumiza, ndipo manambala a miyeso amafufutika. Wotumizayo muuzeni atumize fayilo yeniyeniyo.

Mukatsegula mu Adobe Acrobat Reader, pulogalamu yowerengera ma PDF, musathamangire kukulitsa. Dinani Ctrl ndi 0 kuti tsamba lonse lioneke, ndipo khalani kaye kanthawi mukuphunzira mmene laikidwira: pamene pali khomo lalikulu, pamene pali bokosi lofotokoza tanthauzo la zizindikiro, komanso zilembo ndi manambala a mizere ya m'mphepete, zomwe zimagawa pulaniyo m'zigawo. Zimenezi ndi zomwe zidzakubwezeni panjira mukasochera. Kenaka gwirani Ctrl mukuzunguliza kagudumu ka mausi kuti mukulitse, ndipo tsegulani kawindo ka Pan & Zoom, komwe kamaonetsa tsamba lonse laling'ono ndi kabokosi kolozera pamene muli. Kwa ine kawindo kameneka ndi kofunika kuposa zida zina zonse, ngakhale kamadya malo ena pa sikirini yochepa kale.

Ngati PDF ili ndi magawo otchedwa Layers, zimitsani omwe simukuwafuna, monga mipope ya madzi pamene mukutsata mawaya. Dzina la chipinda kapena nambala ya switchi ifufuzeni ndi Ctrl ndi F m'malo moisakasaka ndi maso.

Zikakanika, sindikizani posankha Poster pa kawindo kosindikizira, ndipo pulani ya A1 idzagawika pa mapepala a A4 asanu ndi atatu kapena kuposerapo pang'ono, omwe mungawalumikize ndi selotepi.