Mizere ya pa tala ija si maluwa, madalaivala atsopano tamverani

Chaka chino alimi angapo amene ndimayenda nawo kuno ku Kasungu agula timagalimoto ndi ndalama ya fodya ndi soya, ena ka Sienta ena ka pikapu, ndiye laisensi atenga inde koma ndikakwera nawo ndikuona kuti maso ali pa zikwangwani basi, za pansi pa tala sakuwerenga. Nde ndati ndilembeko, poti mlangizi salangiza za fetereza zokha ayi.

Tiyambe ndi mzere woyera wa pakati. Kuno ku Malawi timayenda kumanzere, mzere umenewu ndi malire a inu ndi amene akubwera kutsogolo. Ukakhala wodukizadukiza mutha kudutsa galimoto ya patsogolo panu, koma mwaona kaye kuti kulibe chikubwera, mwayang'ana pa galasi, mwayatsa indiketa. Wodukiza sukutanthauza kuti pitani, ukungoti ngati kuli bwino mukhoza.

Tsono wosadukiza uja, woyera umodzi wautali kapena iwiri yogundizana, ndi pamene ndikufuna tikhalepo pang'ono. Pamenepo osapanga ovateki, tayala lisaponde nkomwe. Anthu amati aaa koma mseu uli phee palibe galimoto, eya mukuona phee chifukwa maso anu athera pa chitunda kapena pa gulaye, amene anajambula mzere uja anayeza kale kuti munthu ali pa chiwongolero pamenepo sangaone patali mokwanira. Tawerengani nokha, galimoto ikamathamanga makilomita 80 pa ola, pa sekondi imodzi imayenda mamita 22, kudutsa thiraki yaitali kungakutengereni masekondi 10 kapena kuposa, amenewo ndi mamita 220, mabwalo a mpira awiri muli mbali ya eni ake, ndipo basi yochokera ku Mzuzu nayonso ikudya mamita ake omwewo kubwera kwa inu. Ndiye mukufunika kuona pafupifupi theka la kilomita kuli mbee. Pa chitunda mungaone zimenezo achimwene?

Nyengo ya msika wa fodya ndi imene mtima umayesedwa zedi, malole odzaza mabelo akukwawa pa M1 kulowera ku Chinkhoma, inu muli pambuyo utsi uli kumaso, wa minibasi kumbuyo akukuimbirani hutala ngati mwamubera. Musiyeni alize. Ena adalaivala a lole amakuyatsirani indiketa kuti dutsani, zikomo kwambiri koma amene mudzayankhe kwa a trafiki ndinu osati iwo, dikirani mzere uduke.

Pali wina umene umasokoneza ambiri, mizere iwiri pamodzi wina wodukiza wina wosadukiza. Apa musavutike, wanu ndi umene uli mbali yanu. Ngati kwa inu kuli wosadukiza khalani momwemo ngakhale muone anzanu ochokera uko akudutsana, iwowo aloledwa chifukwa kumene akuyang'ana kukuoneka.

Wachikasu wa m'mphepete ndi malire a mseu wanu kumanzere. Kuseri kwake si leni yachiwiri ayi, ndi kumene kukuyenda a kabaza, ana a sukulu, amayi ali ndi mtolo wa nkhuni pamutu, ngolo ya ng'ombe yopanda nyali. Usiku wina akakuthobwani m'maso ndi mafulu, musayang'ane nyali zakezo, chepetsani liwiro maso akhale pa wachikasu, ukusungani mu mseu. Utoto wake amathiramo timikanda tagalasi ting'onoting'ono nchifukwa chake umawala nyali zikaugunda, koma ukakalamba kapena mvula ikagwa kuwala kuja kumachepa, komanso utoto wonyowa umaterera, a njinga zamoto musamange buleki mwadzidzidzi muli pamwamba pake.

Mu tauni muno ndi pa ma trading ngati Nkhamenya, Chatoloma ndi Santhe nkhani ndi yopingasa mseu. Mzere woyera wonenepa wopingasa pamene pali STOP ndiye kuti matayala aime ndithu kuseri kwake, osati kuja kongotsitsa giya nkumapitirira. Wopingasa wodukiza, ngati wa polowa pa raundabauti, ukuti patsani mpata, ndipo pa raundabauti mpata timapatsa wochokera kumanja. Pa zebra woyenda pansi ndiye bwana, ndipo galimoto ina ikaima pamenepo musaidutse, yaimira munthu amene inu simukumuona, kawirikawiri ndi mwana. Mivi yojambulidwa pansi nayo ndi lamulo, mwalowa leni ya muvi wokhota ndiye khotani basi mukatembenukire kutsogolo.

Mwina muti nanga mmene mizere inafufutika kapena mulibiretu, monga malo amene angokonza kumene tala asanapake, kaya mukupita ku Mchinji kudzera pa Kamwendo mwapeza mwina mukuoneka mwina ayi. Zoona zimachitika. Pamenepo jambulani nokha m'mutu, pa mlatho ngati wa Bua, pa chitunda, pa gulaye, pa mphambano ndi pa sukulu, tengani ngati mzere wosadukiza ulipo. Ndipo sabata ino mukakwera minibasi yopita ku Lilongwe pemphani mpando wa kutsogolo, muziutchula mzere uliwonse chamumtima kuyambira pa depoti mpaka pa Mponela, muonenso kuti adalaivala anuwo aponda ingati.