Momwe mungakonzere malo oimapo paulendo wautali wa pagalimoto ndi ana aang'ono nyengo yotentha

Mwana wa zaka ziwiri sadziwa kuti kwatsala makilomita 80 okha. Chimene akudziwa n'chakuti lamba akumuthina, msana wanyowa ndi thukuta, ndipo akufuna kutsika. N'chifukwa chake malo oimapo amakonzedwa musananyamuke, potengera njala, tulo ndi chikhodzodzo cha mwana, osati pamene mafuta athere m'thanki.

1. Yambani ndi wotchi, mapu abwere pambuyo

Lembani kaye nthawi imene mwana amadya ndi imene amagona masana. Kenako gawani ulendo m'zigawo za ola limodzi ndi theka kapena maola awiri. Opanga mipando ya ana ya m'galimoto ambiri amalangiza kuti khanda lisakhale mumpando kupitirira maola awiri osatsika, chifukwa mutu ukawerama chibwano chimagwera pachifuwa n'kupanikiza njira ya mpweya. Khanda la milungu yochepa lizitulutsidwa pafupipafupi kuposa apo, ndipo wamkulu mmodzi akhale nalo kumbuyo. Malangizo a bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO a mu 2019 amati mwana wosakwana zaka 5 asamangiriridwe malo amodzi kupitirira ola limodzi, ndipo wa chaka 1 mpaka zaka 4 azikhala ndi mphindi zosachepera 180 patsiku zoyendayenda ndi kusewera. Paulendo zimenezi sizingatheke ndendende, koma zikusonyeza chifukwa chake mwana amavuta akakhalitsa pampando: thupi lake likufuna kuyenda.

Chigawo chachitali kwambiri chigwere pa nthawi ya tulo. Thirani mafuta ndi kupita kuchimbudzi nonse mwana asanagone, chifukwa injini ikangozima ana ambiri amadzuka nthawi yomweyo, ndipo tulo todukiza timabala kulira kwa ola lathunthu.

Pa maola awiri aliwonse oyendetsa onjezerani mphindi 20 mpaka 30, ndiponso ola limodzi la chakudya chamasana. Ulendo umene mapu akuti ndi wa maola 6 muuwerenge ngati wa maola 8.

2. Sakani malo, awiri pa chigawo chilichonse

Tsegulani Google Maps kapena mapu ena, musake mapaki, mabwalo osewerera ana ndi malaibulale omwe ali pamtunda wa mphindi 5 kapena 10 kuchoka pamsewu waukulu. Kupatuka pang'onoko sikutaya nthawi. Yang'anani malowo pa chithunzi chojambulidwa kuchokera kumwamba: kodi pali mitengo? Pali mpanda? Poimika galimoto pali pafupi bwanji ndi msewu? Onaninso masiku ndi maola otsegulira, ndipo sungani mapuwo m'foni kuti azigwira ntchito ngakhale netiweki itasowa.

Pa chigawo chilichonse khalani ndi malo awiri, ena akhale mphindi 30 musanafike pa enieniwo. Thewera likadzadza msanga kapena mwana akayamba kudandaula m'mimba, simudzafunika kuima m'mphepete mwa msewu pomwe malole akudutsa.

Malo abwino amafunika zinthu zinayi: mthunzi, chimbudzi chokhala ndi madzi, bwalo loti mwana athamange osalowa mumsewu, ndi pokhala podyera. Paki yaing'ono yokhala ndi udzu, katungwe ndi mitengo imaposa malo otchuka olipira pakhomo, omwe amafuna theka la tsiku, ali ndi mizere yaitali, ndipo mwana amachokako akulira chifukwa sanakhutire. Malo othirira mafuta ndi othandiza pa chimbudzi ndi kugula madzi, koma si posewerera. Magalimoto amalowa ndi kubwerera chambuyo mbali zonse, ndipo dalaivala saona mwana wamfupi amene waima kuseri kwa galimoto.

Kuyambira cha m'ma 10 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo dzuwa limaotcha khungu kwambiri. Poima pa nthawi imeneyi sankhani malo a m'nyumba: laibulale yokhala ndi mbali ya ana, nyumba yosungira zinthu zakale, kapena malo odyera okhala ndi posewerera pansi pa denga. Paki muisiyire m'mawa kapena madzulo.

Mafamu olola ana kugwira ziweto amasangalatsa, koma ubweya wa nyama, mipanda ndi dothi zimatha kukhala ndi tizilombo monga E. coli ndi Salmonella, ndipo ana osakwana zaka 5 ndi amene amadwala nato kwambiri. Botolo, chakudya ndi choyamwa zitsale m'chikwama, ndipo potuluka m'manja musambe ndi sopo ndi madzi kwa masekondi 20. Mankhwala opaka m'manja sachotsa tizilombo tonse ta kumalo ngati amenewa. Pamtsinje, panyanja kapena padziwe, wamkulu mmodzi apatsidwe ntchito imodzi yokha yoyang'ana mwana, ataima poti akatambasula dzanja amugwira, foni ili m'thumba. Mwana wamng'ono amatha kumira m'madzi a masentimita 5 okha, ndipo amamira mwakachetechete.

3. Mukafika, tsatirani dongosolo limodzi

Imikani galimoto pamthunzi, kutali ndi polowera. Wamkulu atsike kaye, ndipo ana atulukire khomo la mbali yosayang'ana kumsewu. Ngati muli nokha ndi ana awiri, yambani kutulutsa khanda n'kulibereka, woyenda atsike pomaliza dzanja lake lili m'dzanja lanu. Pokwera ndiye mosemphanitsa: woyenda amangidwe lamba poyamba.

Kenako chimbudzi, kuthamanga, kudya, chimbudzinso. Mwana amene akuphunzira kusiya thewera musamufunse ngati akufuna. Mutengeni basi, chifukwa adzakana panopa n'kudzapempha mutangoyenda makilomita 5. Kuthamanga kukhale kwa mphindi 10 kapena 15, kothamanga kwenikweni: mpira, kuthamangitsana, kulumpha. Khanda liyalireni nsalu pamthunzi ligone chafufumimba litambasuke, inu mukuliyang'ana.

Kudya kuchitike pamalo oima, mwana atakhala tsonga. M'galimoto yoyenda mwana akatsamwa satulutsa mawu, ndipo wa kutsogolo sangamufikire msanga. Mphesa zidulidwe m'litali pawiri kapena panayi, ndipo mtedza wathunthu, mbuliwuli ndi maswiti olimba musapatse mwana wosakwana zaka 4.

4. Kutentha ndiye mdani wamkulu pamalo oima

M'galimoto yoimika padzuwa kutentha kumatha kukwera ndi madigiri pafupifupi 10 m'mphindi 10 zokha, ndipo kusiya mawindo otsegula pang'ono sikusintha zambiri. Thupi la mwana limatentha msanga katatu mpaka kasanu kuposa la munthu wamkulu, ndipo likafika madigiri 40 ziwalo zimayamba kuwonongeka. Choncho mwana satsala m'galimoto, ngakhale ali m'tulo, ngakhale mukungokalipira mafuta. Ikani foni kapena chikwama chanu pansi pa mpando wa mwana kuti potsika muzikakamizika kutsegula chitseko chakumbuyo. Mukatsika nonse khomani galimoto, kuopa kuti wamkuluko angabwerere yekha kukatenga chidole n'kudzitsekera.

Pabwalo losewerera, gwirani chotsetserekapo, katungwe ndi pansi popondapo ndi kuseri kwa dzanja lanu mwana asanakwere. Chitsulo, pulasitiki yakuda ndi mphira woyala pansi zimaotcha khungu lanthete la mwana m'masekondi ochepa, ndiye nsapato zisavulidwe. Chimodzimodzi chitsulo chomangira lamba: musanachoke pagalimoto fundikani mpando wa mwana ndi thawulo loyera, ndipo pobwerera tsegulani zitseko zonse mpweya wotentha utuluke musanamukhazike.

Khanda losakwana miyezi 6 lisakhale padzuwa mwachindunji ndipo lisamwetsedwe madzi, liziyamwa pafupipafupi. Musaphimbe kangolo kokankhiramo khanda ndi bulangete pofuna mthunzi, chifukwa mkatimo mumasanduka ngati uvuni. Okulirapo avale chipewa chachikulu ndi zovala zopepuka, apakidwe mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 30 kapena kuposa, kubwerezanso pakatha maola awiri kapena akatuluka m'madzi. Madzi amwe pa malo oima aliwonse, asanapemphe.

Chakudya chosachedwa kuwonongeka, monga nyama, mazira ndi yogati, chisakhale kunja kupitirira maola awiri, kapena ola limodzi kukatentha kuposa madigiri 32. Bokosi losungira zozizira liyende mkati mwa galimoto, osati m'buti, ndipo mabotolo a madzi oumitsidwa amagwira ntchito ya ayezi n'kudzakhala madzi akumwa akasungunuka. Mkaka wa m'chitini usungunulidwe pa nthawi yomwetsa. Wotsala m'botolo pakatha ola limodzi mwana atayamba kumwa utayidwe.

5. Chikwama chotsika nacho

Chikhale chaching'ono, pansi pa mpando wakutsogolo, osati pansi pa masutikesi. Muikemo matewera atatu kapena anayi, zopukutira, nsalu yosinthirapo thewera, zovala zosinthira za mwana aliyense ndi malaya amodzi anu, mapepala apulasitiki a zonyowa, sopo, madzi, mpira, mabandeji omata ndi mapaketi a ORS (mankhwala obwezeretsa madzi m'thupi). Kachimbudzi konyamulika ka ana (poti) kamapulumutsa pomwe chimbudzi chili chauve kapena chotseka. Chimene chagwiritsidwa ntchito chibwezeretsedwe musananyamuke.

6. Zikavuta

Mseru wa paulendo umagwira kwambiri ana a zaka 2 mpaka 12. Maso amaona mkati mwa galimoto mosasuntha pomwe mkati mwa khutu mukumva kugwedezeka, ndipo ubongo umasokonezeka. Zizindikiro zimayamba kusanza kusanafike: kuyasamula, kutuwa nkhope, thukuta lozizira, kukhala duu. Mukaziona imani pamalo otetezeka apafupi, mwana atsike ayende kapena agone chagada maso atatseka, amwe madzi pang'onopang'ono. Poyambanso chotsani tabuleti ndi mabuku, aziyang'ana kutali kutsogolo, mpweya uzilowa. Mankhwala a mseru musapatse mwana wamng'ono osafunsa dokotala.

Werengani matewera. Likakhala louma kwa maola 6, milomo yauma, misozi sikutuluka polira kapena liwombo lalowa, madzi achepa m'thupi: muyamwitseni kapena mum'patse ORS wosungunulidwa monga paketi ikunenera, ndipo mupite naye kuchipatala. Mwana wotentha thupi kwambiri, wolefuka, wosokonezeka kapena wovuta kudzutsa mum'chotse padzuwa, mum'vule, mum'nyowetse ndi madzi ozizirira n'kumukupiza, kwinaku wina akuimbira ambulansi kapena mukuthamangira kuchipatala. Pokonza mapu lembaninso zipatala zomwe zili m'njira ndi nambala ya foni yangozi ya dera limene mukudutsa.

Pochoka pamalo oima, chenjezani ana kukadali mphindi 5, kenako muuzeni wamng'onoyo kuti atsetsereke kawiri komaliza. Ana amamva kuwerenga kuposa mphindi. Sungani chidole chatsopano kapena nyimbo imene amaikonda kuti izipezeka pampando pokha. Werengani ana mokweza, zungulirani galimoto muone kumbuyo ndi pansi, ndipo tsinani lamba wa mwana paphewa: zala zikatha kugwira khwinya, ndiye kuti walekerera, mumangenso musanalize injini.