Mmene mungagwirire ntchito ya muofesi ya yunivesite muli kunyumba osatheratu mphamvu

Chiyambireni 2020 pomwe masukulu anatsekedwa chifukwa cha Covid, anthu a ku registry, ku akaunti, ma sekilitale a ma dini (akuluakulu a ma faculty) ndi ena a m'maofesi anazolowera kuti ntchito itha kuyenda pa laputopu uli pakhomo. Vuto ndi loti mabwana ndi ana asukulu nawonso anazolowera zomwezo, ndiye foni yanu yasanduka ofesi yosatseka, wina akufuna transcript 10 koloko usiku, wina loni yake sinaoneke pa system, uku bwana akufuna ma minitsi a miting'i mawa m'mawa. Kaya muli ku Zomba, Mzuzu, Bunda kapena ku Thyolo, nyengo ya registration ndi ya zotsatira za mayeso nkhani yake ndi imodzimodzi.

Choyamba dziwani kuti kutheratu mphamvu chifukwa cha ntchito yosatha imeneyi si ulesi. Mu 2019 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linakulemba mu ICD-11, mndandanda wake wa matenda ndi mavuto a zaumoyo, ngati vuto lobwera chifukwa chopanikizika kwa nthawi yaitali kuntchito, ndipo zizindikiro zake ndi zitatu: kutha mphamvu, kuyamba kuipidwa kapena kusalabadiranso ntchito, komanso kuona kuti zomwe munkachita bwino sizikuyendanso. Ngati mwana wasukulu akangoimba mtima ukuwawa musanamve nkomwe zomwe akufuna, pamenepo zafika kale.

Ndiye yambani ndi foni, poti ndi pomwe pali gwero. Gulani simu yachiwiri, Airtel kapena TNM zilibe kanthu, ikhale ya ntchito yokha, muikepo WhatsApp Business. Ili ndi ka uthenga kodziyankha kokha mukaweruka, lembanipo kuti ofesi imayankha kuyambira nthawi yakuti mpaka yakuti, Lolemba mpaka Lachisanu, ndipo nkhani za ma fizi kapena ma transcript zitumizidwe pa imelo ya ofesi. Nambala yanu yakale ija musaiperekenso kwa ana asukulu ngakhale akudandaulireni bwanji, mukapatsa mmodzi mawa ili pa gulupu ya kalasi yonse. Magulupu a kuntchito aja muwaike pa mute mukaweruka, ndipo inunso musamatumize mauthenga usiku, Gmail ndi Outlook zonse zimalola kulemba pano imelo nkunyamuka yokha m'mawa. Mukayankha 11 koloko usiku kamodzi kokha mwawaphunzitsa anthu kuti nthawi imeneyo mumapezeka.

Chovuta kwambiri ndi bwana, chifukwa ife timaopa kuoneka amwano. Koma pali kayankhulidwe kake. Osanena kuti sindichita, muziti "Bwana, panopa ndili ndi mndandanda wa omaliza maphunziro komanso ma minitsi aja, mukufuna ndiyambe ziti?" Asankhe okha, ndipo zomwe mwagwirizana muzilembe pa imelo kuti mawa pasakhale kukanirana. Lamulo la ntchito la Employment Act limati munthu asapitirire maola 48 pa sabata ngati nthawi yake yokhazikika, komanso wogwira masiku 5 pa sabata ali ndi tchuthi cha masiku osachepera 15 pachaka. Tchuthi chimenecho chitengeni ndithu, musachisunge, ndipo musiye wina woti agwirizire ntchito yanu kuti asamakuimbireni muli kumudzi.

Za magetsi ndi bandulo nazonso muzikambirane poyera. Magetsi akathima masana anthu ambiri amabwezera ntchitoyo usiku akayaka, tulo nkuonongeka sabata yonse. Bola kuuza ofesi nthawi yomweyo kuti kwathima, muchite zomwe sizifuna intaneti, zotsalazo mawa. Ndipo ngati bandulo ya Zoom ikuchoka m'thumba mwanu, lembani kalata yopempha kuti ofesi izilipira.

Pakhomo pezani malo amodzi ogwirira ntchito, osati pabedi, nthawi ikakwana laputopu ilowe m'chikwama. Nkhomaliro idyani mutachoka pa tebulopo.

Mukaona kuti tulo sitikubwera kwa masabata, mutu sukuleka kuwawa, mwayamba kumwa kwambiri kapena maganizo oipa akukubwererani, musadikire tchuthi. Pitani ku kiliniki ya pa kampasi mufunse za mlangizi, apo ayi a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza pa nkhani za umoyo wa maganizo.