Kuimba manoti angapo pamodzi ndi masinthesaiza a liwu limodzi

Sinthesaiza ya analogi monga Korg MS-20 ya 1978 kapena Roland SH-101 ya 1982 imalira noti imodzi yokha pa nthawi, choncho woimba amene akufuna manoti atatu pamodzi ayenera kukhala ndi makina atatu, onse omvera kiyibodi imodzi. Nzeru imeneyi si yachilendo, pakuti kampani ya Oberheim inaphatikiza masinthesaiza ake anayi a liwu limodzi otchedwa SEM mu 1975 n'kupanga Four Voice.

Chofunika choyamba ndi chipangizo chosintha MIDI (uthenga umene kiyibodi imatumiza) kukhala CV (mphamvu ya magetsi yolamulira sinthesaiza), chokhala ndi njira zingapo, monga Roland MPU-101 imene ili ndi njira zinayi. Lumikizani kiyibodi ku chipangizocho, ndipo sinthesaiza iliyonse ilandire mawaya awiri, wa CV wouza kukwera kwa noti ndi wa gate wouza nthawi yoyamba ndi yosiya kulira. Mukaika chipangizocho pa poly, kutanthauza kuimba manoti angapo pamodzi, chimagawira sinthesaiza iliyonse noti yakeyake.

Musanagule kanthu, fufuzani mtundu wa CV umene makina anu amamva. Roland, Moog ndi ARP amatsata volti imodzi pa octave, pamene MS-20 imatsata mtundu wina wotchedwa Hz/V ndipo imafuna gate ya mtundu wina yotchedwa S-trig, kotero kuiphatikiza ndi SH-101 kumafuna chosinthira chodziwa mitundu yonse iwiri, monga za Kenton.

Ntchito yeniyeni, m'kuona kwanga, ili pa kuchuna. Pa makina otsata volti imodzi pa octave, kusiyana kwa noti ndi inzake yoyandikana nayo ndi mamilivolti 83 okha, ndipo ma oscillator a analogi, zipangizo zimene zimatulutsa noti, amasuntha kutentha kukasintha, zimene kuno ku chigwa cha Shire sitingazinyalanyaze, chifukwa ku Nsanje, Bangula ndi Nchalo kutentha kumapitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala, makamaka m'matchalitchi ofolera ndi malata. Yatsani makina onse kwa theka la ola, aikeni kutali ndi dzuwa la pazenera, kenako chunani iliyonse payokha pa A wa 440 Hz ndi kuyesanso octave ya m'munsi ndi ya m'mwamba, popeza sinthesaiza ikhoza kulondola pakati koma n'kuphonya kumapeto. Magetsi akazima kwa nthawi, bwerezani zonsezi.

Pomaliza fananizani filter (yosefa mawu), envelope (mmene noti imayambira ndi kuthera) ndi mphamvu ya mawu pa mixer kuti noti imodzi isapondereze zinzake. Sindilangiza kuti zifanane kotheratu, chifukwa kusiyana pang'ono kumeneko ndi kumene kumanenepetsa chord, manoti olira pamodziwo.