Musanamange ku Siavonga, funsani pamene madzi amalekezera

Anzathu ambiri a kuno ku Lusaka akugula mapuloti m'mbali mwa nyanja, makamaka ku Siavonga, ena ku Samfya ndi ku Mpulungu. Nzabwino ndithu. Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti aliyense akufuna khonde lake likhale pamadzi penipeni.

Nyanja ya Kariba, imene Siavonga ili m'mbali mwake, siikhala pamlingo umodzi. Madzi opangira magetsi amasewera pakati pa mamita 475.5 ndi 488.5 kuyezera pamlingo wa nyanja yamchere, ndiye kuti akhoza kukwera kapena kutsika ndi mamita 13. Pagombe losatsetsereka kwambiri, mamita amenewa ndi mtunda wautali woyenda pansi. Amene anaona malo pa chilala cha 2024, magetsi akuzimazima kuno, anaona mchenga umene chaka cha mvula yabwino umakhala pansi pa madzi. Choncho musakhulupirire maso a tsiku limodzi. Pezani msodzi wachikulire wa pamalopo akulozereni pamene madzi anafika nyanja itadzaza. Yang'ananinso pamiyala, pamakhala mzere wotuwa umene madzi anasiya. Khomani chikhomo pamenepo, maziko akhale kumtunda kwake, ndipo udzu ndi mitengo ya pakatipo musaidule chifukwa ndiyo imagwira dothi.

Za chimbudzi sindichulutsa mawu, poti tonse tikudziwa zimene zimachitika ku Kanyama mvula ikagwa, ndipo kolera ya 2023 mpaka 2024 sitinaiiwale. Dzenje likhale mamita osachepera 30 kuchokera pachitsime, komanso kutali ndi gombe. Madzi amene mukuwaipitsawo ndi omwe ana a m'mudzimo amamwa.

Tsono nkhani ya mpanda. Damu la Kariba litamangidwa m'zaka za m'ma 1950, Atonga pafupifupi 57,000 anachotsedwa m'chigwa cha Zambezi. Adzukulu awo ndi amene mudzawapeze akutunga madzi, akumwetsa ng'ombe, akuyanika kapenta. Mlendo wochokera ku tauni akatseka njira yawo ya kudoko ndi waya, akutokosa chilonda chakale. Siyani njira yoti ngolo idutse. Ngati muli angapo ogula pamodzi, mangani moyandikana cha kumtunda, mugawane msewu umodzi ndi thanki imodzi ya madzi. Ndalama zimapita zochepa, gombe n'kukhala la onse.

Kalata ya amfumu payokha siikwanira. Lamulo la 2015 lokhudza mapulani a matauni ndi madera limafuna kuti khonsolo iliyonse ikhale ndi pulani yachitukuko, ija amati IDP. Pitani mukaione, mudziwe ngati puloti yanuyo siili pamalo osungidwira msika, sukulu kapena doko. Wofuna kumanga loji kapena kuika makhola a nsomba m'nyanja ayambe waonana ndi a ZEMA, bungwe loona za chilengedwe, wokumba chitsime chakuya apite ku WARMA, bungwe loona za madzi. Chitani zimenezi musanagule ngakhale thumba limodzi la simenti.